Matayala a Kumanzere

Galimoto ija inali ndi bedi m'kati mwake. Mchimwene wanga wa ku Joni anaigula kwa anthu ena okalamba amene ankaitenga pokaona malo n'kumagona momwemo, ndiye inabwera ndi kasinki, kakabati ndi makatani achikasu. Anaitumiza kwathu ku Nkhulambe chifukwa cha amayi, amene msana unawavuta moti sakanathanso kukwera kabaza kapena kupanikizana mu minibasi. Kawiri pamwezi ankayenera kupita kuchipatala kuboma, ndipo bedilo linali loti azigonapo paulendo. Anthu a m'mudzi anangoitcha kuti nyumba.

Woyendetsa sitinachite kumufunafuna. Abambo anagwira ntchito ya udalaivala pa mishoni mpaka kupuma, ndipo sankatopa kutikumbutsa kuti zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Mchimwene uja atatumiza galimoto anasamba m'manja. Zotsala zonse zinagwera ine, chifukwa ndine kalaliki paboma ndiponso ndili ndi vuto loyankha foni ikalira.

Sipanathe miyezi isanu, abambo anaimba.

"Mwanawe, tayala lakutsogolo latha. Waya akuoneka."

Ndinagula lina. Patapita nthawi pang'ono anaimbanso, akuti lakumbuyo. Ndinagulanso. Mvula isanagwe lakutsogolo lija linali litathanso, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti onsewo anali a kumanzere. A kumanja anali chikhalire, mizere yake yakuya ngati angotsika kumene m'sitolo.

Ndikafunsa chifukwa, abambo sankasowa woti amuloze chala. Poyamba anati matayala a masiku ano ndi mapepala. Kenaka anati ine ndimakonda zotchipa. Nditagula odula anati galimoto za ku Joni sizidziwa misewu ya kuno. Ndikapitiriza mafunso ankatembenukira ku Chilomwe, n'kumalankhula mofulumira dala, podziwa kuti Chilomwe changa chimayenda ndi ndodo.

Zinandikwana. Ndinapempha dalaivala wa kuofesi kwathu kuti aipititse ku Limbe akaione alainimenti pamakina, ngati matayala akhala mowongoka. Anabwera ndi pepala lonena kuti zonse zili bwino. Ndinawapatsa abambo pepalalo, iwo analiyang'ana pang'ono n'kulipinda, amvekere, "Makina amanama." Miyezi inayi isanakwane, waya anatulukanso.

Chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali kugula matayala kokha, ngakhale kuti nakonso kunkandiwawa. Ndinkaona m'maganizo tayala likuphulika pakona, nyumba ija itagona chammbali, amayi ndi msana wawo ali m'kati. Ndikawauza abambo zimenezi ankangoseka n'kundifunsa kuti ndinayendetsapo chiyani pamoyo wanga kupatula cholembera.

Tsiku lina la chipatala, amayi atatuluka kwa dokotala, ndinalengeza kuti ndikupita nawo kumudzi ndipo tidutsira pa Migowi, kwa bambo wina womata matayala amene anzanga ankamutama. Pochoka kuchipatalako dalaivala wa kuofesi uja ndiye anatiyendetsa, popeza naye ankapita ku Migowi komweko. Abambo anakhala khuma njira yonse. Titangoima anatsika n'kulunjika kumsika, akuti akufuna fodya, chonsecho fodya anasiya ine ndili kusekondale.

Womata matayalayo anali wamkulu ndithu, wa ndevu zotuwa, ndipo ntchito yake yonse inali pansi pa chisakasa cha malata anayi. Sanafunse pepala la ku Limbe. Anazungulira galimoto akusisita tayala lililonse ndi chikhatho, pang'onopang'ono, mpaka ine ndinayamba kuyang'ana wotchi.

"Asisi, tayala silibisa," anatero. "Likatha pakati, mwalikhutitsa mpweya. Likatha m'mbali monse muwiri, mwalimana. Likatha mbali imodzi koma mosalala, imeneyo ndi alainimenti. Likatha mwa apa ndi apo, ndi mashoko. Tsopano tagwirani apa."

Ndinagwira m'mphepete mwa tayala lakutsogolo, chakunja. Munali mokhakhala, modukaduka, ngati chimanga chimene mbewa zayamba.

"Ili silikutha ayi, likudyedwa. Lakumbuyo chimodzimodzi. Mwauona mmene tala wathuyu amathera m'mphepetemu? Ndi mano okhaokha. Matayala awiriwa amayenda pamanopo ulendo uliwonse, kuchokera koyambira tala mpaka kuboma. Galimoto yanu ilibe mlandu. Amayendetsa ndani?"

Mtima unandipsa. Ndinamuuza kuti amayendetsa ndi abambo anga, amene anayamba kugwira chiwongolero iye asanamere mano, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Ndinamva mawu a abambo akutuluka m'kamwa mwanga ndipo zinandinyansa.

Iye sanakwiye. Anangopukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, "Ndiye mukwere nawo, mukhale kutsogolo. Osawalankhula. Muzingomvetsera."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chibwerere galimotoyo ndinali ndisanaonepo abambo akuiyendetsa pamsewu. Ndinkangowapeza atafika kale pachipatala.

Abambo atabwera, opanda fodya, ndinatsegula chitseko chakutsogolo kuti ndikhale. Amayi anandigwira mkono.

"Pamenepo ndi panga."

"Panu bwanji? Bedi lija tinagulira ndani?"

"Limandigwedeza."

Ndinati lero ligwedeze. Tinakangana pamaso pa anthu ogulitsa nandolo mpaka amayi anagonja, n'kulowa kumbuyo akung'ung'udza. Abambo analiza galimoto.

Titatuluka pa Migowi anakhala chowerama, chifuwa pafupi ndi chiwongolero, mutu atapendeketsa. Kumanzere kwanga kunayamba phokoso, gudugudu, gudugudu, matayala akukanda m'mphepete mwa tala. Phokosolo likangosiya, abambo ankakhotetsa pang'ono kumanzere mpaka liyambirenso, ndipo likayamba mapewa awo ankatsika. Anachita zimenezi kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Sankathawa m'mphepetemo ayi, ankachita kumufunafuna.

Kenaka ndinamva mawu pafupi ndi khutu langa.

"Njinga, abambo ake. Yanyamula makala."

Ndinacheuka. Amayi sanagone. Anali atagwada kuseri kwa mpando wa abambo, atagwira katani, maso ali pamsewu. Abambo anachepetsa liwiro, anapatukira kumanja, tinaidutsa njingayo, n'kubwereranso ku gudugudu uja.

"Mbuzi ziwiri. Ina ikuwoloka."

"Imani!" ndinakuwa. "Imani pompano!"

Tinaima pafupi ndi munda wa nandolo. Kutsogolo kwathu, mtunda wosakwana kuponya mwala, kunkabwera mayi atasenza dengu. Ndinafunsa abambo kuti andiuze mtundu wa chitenje chake.

"Msewu uno ndimaudziwa," anatero.

"Sindinafunse msewu. Chitenjecho n'chamtundu wanji?"

Mayi uja anatidutsa, anapereka moni, abambo anayankha atayang'ana kumene kunachokera mawu.

"Usawachititse manyazi abambo ako," anatero amayi.

Ndinawatembenukira iwowo tsopano. Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati kuzula minga. Diso lakumanja la abambo linali litazima kalekale, lakumanzere linkaona utsi. Mzere wapakati pa msewu sankauona, choncho ankayenda ndi khutu. Ndipo amayi, amene tinawagulira galimoto ya bedi kuti msana upume, anali atakhala tsonga kutsogolo chaka chathunthu, m'mabampu onse a ku Nkhulambe, akuwerenga mbuzi ndi njinga. Bedi lija ankagonekapo chikwama.

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti akanapha mwana wa eni, akanadzipha okha, ndipo ine ndakhala ndikunyoza ogulitsa matayala osalakwa chifukwa cha makani a nkhalamba ziwiri. Ndinafunsa chimene chinawaletsa kundiuza.

"Ukanandilanda makiyi," anatero abambo. "Ndiye amakowa akanawatenga ndani?"

Amayi anawonjezera motsitsa mawu, ngati kuti abambo sakumva: "Nanga iwowa akanatsala ndi chiyani?"

Makiyiwo ndinalanda ndithu. Ndikanachitanso chimodzimodzi lero, koma sindinganame kuti ndinamva bwino. Ndinaimbira dalaivala wa kuofesi uja, amene anali akadali pa Migowi, kuti akwere kabaza adzatipeze. Tikudikira, abambo anatsika, anazungulira kutsogolo akugwira galimoto, ananjuta pa tayala lakumanzere n'kulisisita nthawi yaitali.

"Wa ku Migowi uja ntchito amaidziwa," anatero.

Kuchipatala abambo anawapala ng'ala m'diso limodzi. Tsopano amatha kuzindikira munthu asanalankhule, koma dokotala anati za chiwongolero aiwale. Mchimwene wanga atamva nkhaniyi anandifunsa pafoni kuti ndinalephera bwanji kuona msanga, ndipo ndinamudulira foniyo. Ndinakaphunzira kuyendetsa ndili ndi imvi kale, ndinalephera mayeso kamodzi, ndipo tsopano masiku a chipatala ndimapempha chilolezo kuofesi n'kupita kukawatenga. Amayi amagona pabedi lawo n'kumadandaula kuti ndimathamanga. Abambo amakhala pambali panga, manja ali pamaondo, kundiuza posintha giya ndisanafike n'komwe. Timakangana kuchokera ku Nkhulambe mpaka kuboma.

Ndikangofika pakhomo, moni asanandipatse, abambo amazungulira nyumba ija akusisita matayala onse anayi ndi chikhatho. Ndimaima pambali n'kumayembekezera kuti mwina lero apeza polakwika, andikalipire monga kale. Amadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Akutha mofanana," amatero, n'kupita kukakhala pakhonde.