Lamulo la Masiku Atatu

Ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo amene ndinagwira nawo ntchito m'zaka zovuta zija sangatsutse. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Graniteside. Katunduyo anali atatha kalekale, koma kompyuta ndi pulinta zinalipo, ndipo magetsi a kumafakitale sankazimazima ngati a kwathu ku Mabvuku. Poti ntchito panalibe, ndinkatha tsiku ndikulemba pulogalamu ya gulu lathu.

Tinalipo asanu, ambiri mwa ife ana a anthu a ku Malawi amene anachoka m'mapulazi a dziko lino kudzakhala m'tauni. M'mipopi munali mutauma, choncho tinapanga pulogalamu yosunga mbiri ya mijigo ndi zitsime: uti ukutuluka madzi, uti wafa, chiti anthu asamwe chifukwa cha matenda otsegula m'mimba amene anavuta chaka chimenecho. Inali pulogalamu yotseguka, kutanthauza kuti aliyense anali ndi ufulu woitenga, kuona m'kati mwake, kuisintha ndi kuigawa. Anyamata anayi a ku Epworth, ana a anthu a kuvuma kwa Zambia, anaitengadi n'kuwonjezera mapu ndi njira yotumizira uthenga pafoni.

Kwa chaka chathunthu tinali magulu awiri. Iwo ankakumana Loweruka kwawo, ife Loweruka kwathu, ndipo cholakwika chimodzi tinkachikonza kawiri, aliyense thukuta lake. Kenako tinaona kuti uku n'kupusa. Tinagwirizana zophatikiza zonse: msonkhano umodzi, nkhokwe imodzi ya pulogalamu pa intaneti, ndi makiyi awiri okha ololeza kusintha zinthu m'nkhokwemo. Kiyi wina anatenga mkulu wathu, bambo wa imvi amene kale ankakonza mataipi a m'maofesi. Wina anatenga mtsogoleri wa a ku Epworth, mnyamata wamtali wokonza mafoni, wolankhula pang'ono.

A ku Epworth anabwera ndi lamulo lawo. Munthu akafuna kusintha chinthu, alembe imelo kwa onse, ndipo pakadutsa masiku atatu popanda wotsutsa, ndiye kuti zavomerezedwa. Ine ndinali woyamba kukweza mkono. Misonkhano yathu ya ku Mabvuku inali yotopetsa: aliyense alankhule, kenako tonse tiyang'ane nkhope ya mkulu wathu. Akagwedeza mutu, nkhani yadutsa. Akangokhala duu n'kumapukuta magalasi awo, tinkadziwa kuti nkhaniyo yafa, ndipo palibe ankaidzutsanso. Ndinkafuna zachangu, sindinaganize zambiri.

Gawo langa m'pulogalamumo linali laling'ono koma ndinkalinyadira. Linkatenga mndandanda wa mijigo n'kuusindikiza pa pepala limodzi ndi zilembo zikuluzikulu. Lolemba lililonse ndinkasindikiza ku ntchito, n'kukamata pa chitseko cha tchalitchi ndi pa msika. Mayi anga analibe foni, ngati amayi ambiri a mu mzere wathu. Asananyamule zigubu ankayamba apita kukaona pepala.

Sabata ina abwana anatiuza kuti tikhale kunyumba, poti panalibe chotisungira pa ntchito. Ku Mabvuku magetsi anali atathima masiku angapo. Lachisanu lomwelo mnyamata wamtali uja analemba imelo yoti gawo losindikiza lichotsedwe, chifukwa linkasokonekera nthawi iliyonse akasintha mapu, ndiponso inki inali yosowa. Ine imeloyo sindinaione. Mkulu wathu anaiona m'tauni, pa malo ogwiritsira intaneti, ndipo sanaikonde m'pang'ono pomwe, choncho sanayankhe. Anzathu atatu otsalawo anaona kuti mkulu sanayankhe, nawonso anakhala chete, mitima ili m'malo kuti nkhani yafa. Lachiwiri gawo langa linachotsedwa mwalamulo.

Ndinadziwa Lachinayi nditabwerera ku ntchito. Ndinatsitsa pulogalamu yatsopano, kufufuza posindikizira, palibe. Ndinawerenga imelo ija kawiri. Miyezi itatu yokha chiphatikizireni, alendo atichotsera kale za m'nyumba mwathu! Ndinakopera pulogalamu yakale pa fulashi. Malamulo a mapulogalamu otseguka amalola munthu kutenga zake n'kukayamba payekha, ndipo ndinatsimikiza kuti Loweruka ndikagawa gulu pakati.

Tinkakumana m'kalasi ya sukulu ya tchalitchi. Sindinadikire ngakhale pemphero lithe bwino.

"Mukoma," ndinatero kwa mnyamata wamtali uja, "inu ku Epworth aliyense ali ndi foni, hanti, si choncho? Mayi anga aziwerenga meseji yanu pa chiyani, pa chigubu?"

"Sisi, ine ndinalemba," anayankha modekha. "Masiku atatu anakwana. Palibe anakana."

Mkulu wathu anavula magalasi. "Ine ndinakana."

"Munakana pati, bambo? Imelo yanu sindinaione."

"Sindinayankhe. Ukufuna ndikane bwanjinso?"

A ku Epworth anayang'anana, mmodzi n'kuphulika nako kuseka, kenako anzanga a ku Mabvuku nawonso. Ine sindinaseke. Ndinaika fulashi pa tebulo n'kunena kuti ngati ukwati wake ndi umenewu, bola aliyense abwerere kwa makolo ake. Ndinanenanso zina zimene sindikufuna kuzilemba pano. 

Mnyamata uja sanandibwezere mawu. Anangofunsa kuti pepalalo ndimamata pati, ndipo ngati angabwere kudzaliona. Ndinamuuza kuti njira ya ku Mabvuku sinatsekedwe.

Sindinayembekezere kuti abwera, koma Lamlungu masana anafika, fumbi mpaka m'mawondo, poti makombi, maminibasi athu aja, tsiku limenelo kunalibe. Ndinapita naye ku tchalitchi. Pa chitseko panali pepala la masabata awiri apitawo, litayamba kupindika m'mphepete, ndipo amayi atatu anali ataima pomwepo, wina akuwerengera anzake mokweza. Pepalalo linkati mjigo wa kuseri kwa sukulu uli ndi madzi. Mjigo umenewo unali utafa Lachitatu. Ndinawauza amayiwo kuti asavutike kupitako, mmodzi n'kundiyankha kuti, "Mwanawe, nanga bwanji sunasinthe? Dzulo tinapita ndi mayi ako, tinabwerako chimanjamanja."

Ndinachita manyazi ngati ndine ndinaphwanya mjigowo. Nditacheuka ndinaona kuti mnzangayo manyazi ake aposa anga. Anafunsa amayiwo ngati ali ndi foni. Mmodzi anati ili ndi mwana wake ku tauni, wina anati batire inatha kale ndipo alibe potchajira. Kenako ndinapita naye kunyumba kwathu. Mayi anga anamupatsa madzi ophitsa m'kapu, anamwa theka, otsalawo n'kubweza mosamala.

Loweruka lotsatira msonkhano unatenga maola anayi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule. Lamulo la masiku atatu silinachotsedwe, chifukwa linali ndi ubwino wake, koma tinaliwonjezera. Ngati nkhani ikukhudza gawo la munthu, kukhala chete kwake sikuwerengedwa mpaka wina atamumva ndi makutu, kaya pafoni kaya pomuyendera. Mkulu wathu anavomera, monyinyirika, kuti akakana azinena kuti wakana. Ine sanandisiye osandidzudzula. Mnyamata uja anaonetsa gulu lonse malo asanu ndi awiri pamene gawo langa linasokonekera, iye n'kumakonza mwakachetechete chifukwa ine sindinkayankha maimelo ake. Zinali zoona. Anandipatsa kiyi wachitatu, ndi mawu akuti gawo losindikiza likadwala, sing'anga wake ndine.

Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga aja. Kupepesa kumandivuta, ndipo ndinachita mwachidule, koma ndinapepesa.

Lolemba m'mawa ndinasindikiza pepala latsopano, inki ili yotuwa koma yowerengeka. Nthawi ya nkhomaliro mlonda anandiuza kuti pa geti pali mlendo. Anali mnyamata wamtali uja, atanyamula mndandanda wa zitsime za ku Epworth wolemba pamanja.

"Sisi, mungatisindikizireko lathu?" anatero. "Koma zilembo mukulitseko pang'ono. Azakhali anga maso anayamba kuvuta."