Zibowo Zomwe Zinapulumutsa Mitengo ya Mango

Tsiku lomwe alamu ake anabwera ndi nkhwangwa, mayi wamasiyeyu anali kuseri kwa nyumba, akutaya mango owola m'dzenje. Bokosi loumitsira zipatso padzuwa, lomwe anakhoma yekha n'kuliphimba ndi pulasitiki, linali litamugwiritsanso fuwa la moto.

"Mlamu, mitengo iyi ikungodyetsa ntchentche," anatero alamuwo. "Tidule, tiwotche makala, ana adye."

Mitengoyo anadzala ndi malemu mwamuna wake. Mtima unamuwawa koopsa.

"Chonde alamu, dikirani nyengo ya mango ithe. Ndikalepheranso, nkhwangwayo ndidzakunolerani ndekha."

Chomwe chinkamupweteketsa mayiyu chinali kusamala kopitirira muyeso. Poopa kuti kutentha kuthawa, ankatseka kabowo kalikonse ndi nsanza ngati akufunditsa khanda. Mango ankangochita thukuta m'katimo mpaka kumera nkhungu.

M'mawa wina akuphika tiyi, maso ake anakakamira m'poto. Masamba ankakwera pakati pomwe moto unkawomba, n'kufalikira m'mbali, kumira, kenako n'kukweranso. Madzi otentha ankapepuka n'kupita pamwamba, ozizirirapo n'kutsika kukatenga malo awo. Atadzutsa mutu, anaona utsi nawo ukuthamangira kudenga.

"Kani kutentha kumayenda!" anadziyankhulira. "Ine n'kumakutsekera m'ndende."

Anazula nsanza zonse, n'kuboola zibowo m'munsi mwa bokosilo ndi zina pamwamba. Anansi anaseka mpaka kugwira nthiti: munthu angaboole bokosi kuti litenthe? Dzuwa litakwera, mayiyu anaika nthenga ya nkhuku pa chibowo chapamwamba, ndipo nthengayo inayamba kuvina. Mpweya wotentha unkatuluka ndi chinyezi, watsopano ukulowera pansi.

Sikuti zinangoyenda pomwepo ayi. Mango oyamba anawadula ochindikala, ena anawola chifukwa cha mitambo. Koma mayiyu ndi nkhakamira, anayesabe mpaka anatulutsa mango ofiirira bwino, otsekemera, osawola.

Nyengo itatha, alamu aja anabweradi, nkhwangwa ili paphewa. Mayiyu anangowapatsa kachidutswa ka mango ouma. Alamuwo anatafuna, anatafunanso, kenako anatsamiritsa nkhwangwa ija pamtengo.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "chaka chamawa mudzandisungireko malo m'bokosimo. Akwathu aja amangowolera pansi."

Lero mitengo ija ikadali chiimire, ndipo ana amaphunzira ndi ndalama za mango ake ouma.

Inu amene zakukanikani kambirimbiri, yang'ananinso bwino. Mwina chomwe mwachigwiritsitsa ndi mantha chikungofuna pomwe chingapumire. Osataya mtima, ndipo musafulumire kunola nkhwangwa.