Msomali wa mu Nsapato ya Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anali wosoka nsapato. Anthu ankawatchula kuti a Chidendene. Zaka makumi atatu anakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa kampando ka miyendo itatu, timisomali ataluma kukamwa. Munthu sankamuyang'ana kumaso, ankamuyang'ana kumapazi. Tsiku loyamba kundiona anangoti, "Mtsikanayu amapondera kunja, koma ndi waulemu." Ali mnyamata anagwirako ntchito kufakitale ya nsapato. N'kumene anatola Chingerezi chawo, chimene ankachinyadira kuposa ana awo.

Atawapeza ndi matenda a shuga, wowachapira ndinali ine, poti apongozi aakazi anatisiya kale. Tsiku lina ndikuchapa, mwana ali kumbuyo, ndinapeza sokosi yakumanzere itauma gwa ndi magazi. Ndinapisa dzanja mu nsapato yawo. Msomali unali utatulukira mkati. Ankauponda tsiku ndi tsiku osamva kanthu, wosoka nsapato weniweni! Ndinauzula ndi pulayala yawo, koma kuwauza ndinachita manyazi. Za phazi la apongozi ungaziyambe bwanji? Ndinauza amuna anga. Iwo anati, "Bambo si mwana. Likanawawa akananena."

Lachinayi lotsatira tinawaperekeza kuchipatala, ine ndi alamu anga, mwana wawo wamkazi woyamba, amene amagwira ntchito muofesi. Pabenchi panabwera mayi wina wa baji pachifuwa, mapepala ali m'manja.

"Mafunso awa analembedwa m'Chingerezi, ife tawamasulira," anatero. "Tikufuna tione ngati akufunsabe zofanana. Amene mayankho awo aonetse kuti akuvutika kwambiri alowa kwa adokotala a mapazi, poti abwera lero lokha. Enanu mudzabwera pakatha miyezi itatu."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati pepalali lindinenera.

"Bambo, mumamva ululu?"

"Ayi, mwana wanga. Olo pang'ono."

Sananame. Phazilo linali litasiya kale kumva.

"Matendawa amakulepheretsani kugwira ntchito?"

"Ndimasoka ndili chikhalire."

"Mumavutika kukwera masitepe?"

"Kwathu kulibe masitepe."

Mayi uja anafunafuna bokosi la yankho limenelo, n'kuchonga pakuti savutika.

"Nanga kusamba?"

Apongozi anandiyang'ana cham'mbali, n'kutsokomola. "Ndimasamba ndekha."

Atamva kuti amadziwa Chingerezi, mayi uja anawafunsanso mafunso onse m'Chingerezi. Apongozi anawongola msana, anakonza kolala, mawu akutuluka ngati a pawailesi. Mayiyo anaika mapepala awiriwo pamodzi n'kuwomba m'manja.

"Zofanana ndendende! Bambo, mwatithandiza. Ndipo pabenchi pano wamphamvu ndinu."

Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha. "Koma phazi lawo..."

Alamu ananditsina pantchafu. "Iwe, akufunsa iwe? Sitandade faifi yomweyo ukufuna uphunzitse anthu a madigiri? Kayamwitse mwana uko."

Benchi yonse inaseka. Mayi uja anayendetsa chala papepala mpaka pansi. "Funso la phazi palibe apa, mayi," anatero, osati mwaukali ayi, n'kupita kwa wotsatira. Ine ndinangoweramira mwana.

Amene analowa kwa adokotala anali bambo wina wonenepa amene anadandaula pa funso lililonse, ngakhale la masitepe. Nsapato zimene anavala anasoka ndi apongozi.

Patatha mwezi ndi theka fungo linayamba. Poyamba alamu ankati kudenga kwafera khoswe. Koma linali phazi lija la apongozi. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Pakhonde la wodi alamu anandiloza chala anthu akuona. "Masokosi unkachapa ndiwe. Unkaona magazi n'kungokhala duu ngati chitsa. Unkafuna chipinda chawo, eti?" Amuna anga ankayang'ana foni. Kusitolo kuja malo a apongozi anatenga wokonza maambulera, ndipo anzawo a bawo ankawafuulira pamsewu kuti, "A Chidendene, tsopano ntchito yachepa, mukupolisha imodzi!"

Miyezi itatu itakwana tinakakhalanso pabenchi lomwe lija. Anabwera mayi yemwe uja, pepala lomwe lija.

"Bambo, mumamva ululu?"

"Kwambiri. Phazi lakumanzere likuyaka moto."

Mayiyo anayang'ana mwendo wa buluku umene ndinaupinda n'kuumanga ndi pini. Kenaka anachonga bokosi lomaliza. "Lero mulowa kwa adokotala a mapazi," anatero. Za Chingerezi apongozi sanazitchulenso.

Titafika kunyumba anandiitana. Nsapato yakumanzere ija inali pantchafu pawo, dzanja atapisa mkati.

"Amayi, msomali unali umu munazula ndinu?"

"Eya, bambo."

"Liti?"

"Tisanapite kuchipatala ulendo woyamba uja."

Anaitembenuza, n'kupapasa kabowoko ndi chala chachikulu.

"Munazula bwino. Chikopa simunang'ambe."

Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso chovala choti ndichape. M'mawa uliwonse amadzikoka ndi ndodo mpaka pampopi, n'kuchapa okha sokosi yawo imodziyo. Ndikamadutsa ndi ndowa amandiyang'ana kumapazi.