Anadziwa Bwanji Kuti Dokotala Sanafe?

Anzanga, ndikamati zachikondi zanditopetsa musamayese nthabwala. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ndinakumana naye tsiku limene TV ya ku saluni kwathu inazima nkhani zili mkati. Abwana anaitana mnyamata wokonza, amene aliyense amangomutcha Mawaya. Anatsegula kumbuyo, kuwotcherera apa ndi apo, TV n'kuyaka. Choyamba kuoneka inali nkhope ya wandale wina akulengeza kuti wachoka chipani chake, walowa china.

"Ndikanadziwa kuti ndikukonzera ameneyu, bwenzi nditaisiya yakufa," anatero Mawaya. "Dzana amawatukwana anthu amenewa, lero akuvina nawo. Munthu wosintha mawanga ine ndimadana naye."

Ndinaseka mpaka kumuwotcha kasitomala khutu ndi chowongolera tsitsi. Nambala yanga anachoka nayo tsiku lomwelo.

Chibwenzi chathu chinakulira pa sofa ya kwathu, ija yothyoka mwendo yochirikiza ndi njerwa. Madzulo alionse akaweruka amabwera kudzaonera sewero lina, la dokotala amene akazi awiri, wapanyumba ndi wapambali, amamulimbirana. Tinali ndi lamulo limodzi: palibe woonera yekha. Magetsi akazima, tonse tidikira kubwereza kwa Loweruka. Analiika yekha lamulolo, anzanga, osati ine.

Ndiye mmene amamunyozera wosewera ngati dokotala uja!

"Uyu amadziwa kusewera uyu? Akamalira amangokhala ngati watafuna tsabola."

"Ndi nsanje imeneyo," ndimatero ine.

"Nsanje ya chiyani? Anamulemba ntchito chifukwa cha ndevu basi."

Timakangana mpaka amayi kutulutsa mutu kuchipinda: "Inu, dokotalayo ndi m'bale wanu?" Mikangano imeneyo ndiyo imandikomera. Ndimati ndapeza mwamuna wonena zimene akuganiza.

Ku saluni ndimagwira ntchito ndi mnzanga wina, timamutcha Nsidze chifukwa ndiye katswiri wometa nsidze. Iyeyu dokotala uja anali naye misala. Tsiku lonse amangoti, "Mwamuna uja salira ndi pakamwa, amalira ndi maso." Kenako anagula dishi ya tchanelo cholipira, kumene sewerolo limakhala patsogolo ndi sabata yathunthu. Anadandaula kuti akusowa womumangira.

Ine ndi kukamwa kwangaku: "Ukuvutikiranji? Mawaya wanga akumangira ulere."

Dzenje ndinakumba ndekha, khasu n'kubwereka kwa eni ake.

Patapita nthawi ndinaona kuti munthu wanga uja wasiya kukangana. Pochititsa mantha iye sadzidzimuka. Poseketsa akuyamba kumwetulira nthabwala isanafike. Tsiku lina ndinamuputa dala.

"Taona watsabola wako uja wayambanso kulira."

"Ayi bebi, timangomunena," anayankha. "Mwamuna uja salira ndi pakamwa, amalira ndi maso."

Mawu a Nsidze enieni, koma ndinadzitonthoza kuti mwina amangofanana. Chikondi chimapusitsa, musanditukwane.

Ndiye linafika tsiku limene dokotala anachita ngozi ya galimoto. Ali gone pabedi, makina akulira, akazi onse awiri akudziponya pansi. Ine misozi chuchuchu, ngakhale amayi anabwera kudzaima pakhomo. Mawaya maso ali pa foni, anangondisisita pamsana.

"Usalire bebi, sanafe. Adzuka, kungoti adzaiwala mkazi wake."

Ine ndi amayi tinamutembenukira.

"Kodi apongozi," anatero amayi, "mwayamba liti kulosera?"

"Ndangoganizira, amayi. Masewerowa amayenda chimodzimodzi."

Kungoganizira mpaka za kuiwala mkazi? Ndinangomuperekeza mpaka pageti.

M'mawa mwake ku saluni ndinadikira makasitomala achuluke. Ndikuluka mutu wa mayi wina, ndinausa moyo mokweza.

"Koma dokotala wathu wapita, amayi inu. Sindinagone."

Nsidze anaseka osatembenuka n'komwe. "Wapita kuti? Adzuka uja. Ngakhale Mawaya analumpha pampando atatsegula maso, mpaka kunditayira tiyi pa..."

Anagwira pakamwa. Mayi amene ndimamuluka anandiyang'ana pagalasi, ine n'kumuyang'ananso. Saluni yonse inamva, ndipo mukudziwa kuti za mu saluni sizigona m'njira.

Madzulo anabwera ngati palibe chachitika, n'kufikira pa sofa.

"Kwa Nsidze umakatani?"

"Ndimakaona siginolo. Dishi yatsopano imavuta."

"Siginolo ya tsiku ndi tsiku? Yomwera tiyi?"

"Iwe, ndi TV chabe. Ukufuna tithetse chibwenzi chifukwa cha sewero?"

Apa m'pamene anandipsetsa mtima. TV chabe? Amene anaika lamulo ndani? Ndinamuuza adzuke pa sofa ya amayi anga asanaithyole mwendo wina. Anatuluka akung'ung'udza kuti ndimakuza zinthu. Sabata isanathe anthu anamuona akuchapa nsapato pakhomo pa Nsidze, atavala kabudula. Siginolo imeneyo.

Pano ndimaonera ndekha. Dokotala anadzukadi, osakumbukira mkazi wake, ndendende mmene ananenera. Ngakhale kudabwa kwanga anandibera. Ku ntchito ine ndi Nsidze timapatsana lumo osayang'anana, ndipo zikundiwawa, sindinama.

Dzulo wandale uja anaonekanso pa nkhani, wasamukanso chipani. Ndinafuna kumutukwana koma ndinasintha maganizo. Bola iye, anzanga. Akafuna kuchoka amaitana atolankhani n'kulengeza poyera. Wanga uja anachoka kalekale, koma madzulo alionse amabwerabe kudzakhala pambali panga, kumwa tiyi wa amayi anga, n'kumayerekeza kudabwa ndi zinthu zimene anaziona kale atatsamira wina.