Misa ya Patrick Woyera Imene Sitinaipeze

Parishi ya kwathu nkhoswe yake ndi Patrick Woyera. Bambo mfumu amene anandibatiza anali mzungu wa ku Ireland, ndipo tsiku la nkhosweyo likafika kunkakhala Misa yaitali, makwaya onse, azimayi atavala chitenje chimodzi. Ndiye nditasamukira ku Toronto n'kupeza kuti mzinda wonse umakumbukira woyera yemweyo, bodza langa linapeza potsamira.

Kunena zoona, kutchalitchi ndinali nditasiya. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, nthawi zambiri Lamlungu ndimagwira, ndipo ndikapuma ndimagona. Koma amayi akafunsa pafoni za mapemphero ndinkati, "Musadandaule, kuno Patrick Woyera amamutsekera misewu." Chimene amatsekera misewuyo sindinkanena.

Tsikuli ine ndimadana nalo. Ndimakhala pafupi ndi pakati pa mzinda, m'kanyumba kam'mwamba koyang'ana msewu. Sitima zam'misewu amazipatutsa, kuntchito umafika mochedwa, ndipo kukacha pakhomo umapeza masanzi obiriwira, poti ngakhale mowa amauthira utoto. Tsoka sasimba: amayi atabwera kudzandichezera anatera Lachinayi, perete wa tsikuli ali Lamlungu lomwelo.

Ndinadzuka ndi ganizo lonamizira mutu. Ndinawapeza atavala kale, chitenje cha bungwe la amayi atachimanga pamwamba pa jekete langa, duku lili nga. Tiyi anakana, ati akalandira Ukaristia.

"Fulumira iwe, tingakapeze mtanda utadutsa."

Tinapita. Anthu anali atadzaza msewu, nkhope atapaka utoto, zipewa zazitali zobiriwira, ena ndevu zofiira zogula m'sitolo. Amayi anaima kutsogolo manja atapinda, kudikira mtanda ndi otumikira. Kunadutsa azibambo ovala masiketi akuliza zitoliro, ana ovina ndi miyendo yokha, magalimoto ozimitsa moto, mpaka agalu. Mtsikana wina amene mowa unali utamukwera anawakoleka mkanda wapulasitiki m'khosi n'kuwajambula osapempha. Ine ndinapsa mtima, koma amayi anathokoza ndi manja awiri, poganiza kuti ndi wa bungwe lina.

Kenako kunatulukira bambo wina atavala ngati bishopu, ndodo m'manja, ndevu za thonje. Amayi anagwada pomwepo, m'madzi ozizira a m'mphepete mwa msewu, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Anthu amene anali pambali pathu anaseka. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi, ndipo ndinawadzutsa mowakoka mkono, mayi anga ondibala, ngati mwana wovuta pamsika.

"Amayi, si bishopu ameneyo, ndi costume chabe, zovala zamasewero. Kuno tsikuli ndi la mowa basi."

"Mowa? M'Lenti muno?"

Anayang'ana chitenje chawo chonyowa m'mawondo, n'kuvula mkanda uja.

"Zawo zimenezo. Tiye kutchalitchi kwako, mwina Misa yomaliza tiipeza."

Apa m'pamene ndikanaulula, koma wabodza safooka msanga. Ndinakumbukira nsanja ya tchalitchi imene ndinkaiona pazenera la sitima popita kuntchito, ndipo ndinawatsogolera kumeneko ndikuyenda ngati wozolowera njira. Tinadutsa m'chikhamu, amayi akutsimphina ndi nsapato zanga zowakulira, m'mimba muli pululu. Titafika pakhomo tinapeza mabatani a belu ali ndi manambala, mabokosi a makalata, ndi njinga ya mwana itatsamira khoma. Tchalitchicho anachisandutsa nyumba zogonamo anthu kalekale.

Amayi anayang'ana mabataniwo nthawi yaitali.

"Unasiya liti?"

"Papita zaka, amayi."

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iwo anangokhala pansi pamasitepe.

"Chaka chilichonse tsiku ngati lalero ndimaimirira pamaso pa azimayi anzanga," anatero, "n'kuwauza kuti mwana wanga akutiimirira kwa azungu."

Ndinakwiyira mzindawu ndi zipewa zake, ndinakwiyira ntchito, koma ndinkadziwa kuti amene anawagwaditsa m'madzi aja ndine.

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kolona, nayamba kupemphera. Atafika pamene wachiwiri amayankha, sanandiyang'ane. Anadziyankha okha.