Njinga Ndiyo Inalembedwa Ntchito

Ndinanyamuka kwathu ku Khwethemule Lachinayi dzuwa likungotuluka, m'thumba muli mashereni asanu ndi kalata ya kalaliki wa pa esiteti. Masiku amenewo msonkho wa nyumba unali mashereni asanu ndi atatu, koma munthu akaonetsa kalata yoti wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu, ankalipira anayi okha. Asilikali anali atadutsa kale m'mudzi, nanena kuti Loweruka adzatenga mkazi wa m'nyumba iliyonse yopanda chiphaso cha msonkho, kukamusunga ku Boma. Mkazi wanga Esitere anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Sindinkaopa. Ndinali ndi njinga yangayanga, yogula ndi thukuta la ku Halale, ndipo ndinkanyamulira mzungu wa tiyi makalata. Iye poyamba anafuna kundilemba pa malipiro a mwezi ngati anzanga a khasu, koma ine, wochenjera wa m'mudzi, ndinapempha kuti azindilipira kobiri pa mailo iliyonse imene njinga yayenda. Anavomera mwamsanga, akumwetulira.

Msewu wodutsa m'minda ya tiyi unali woterera ndi chiperoni. Pamtsinje ndinapeza mlatho wamitengo utapita ndi madzi, ndipo amuna awiri anandiwolotsera njinga pamutu. Anafuna tiki, ndiye kuti makobiri atatu, koma tinamvana awiri. Cha m'ma naini ndinaima kwa Nchilamwela kugula kalongonda wa kobiri kwa mayi wina wokhala pansi pa mbawa.

"Ulendo wa kuti ndi njinga yonyezimira chonchi?" anandifunsa.

"Ku Boma, kukakhoma msonkho."

"Iii, muchite kukankha mukamafika. Akakuonani mutakwera aziti ndinu olemera."

Ndinaseka, n'kukwera.

Ku Boma ku Thyolo ndinafika dzuwa lili pamutu, ndipo mzere unandidya mpaka cha m'ma thuu. Kalaliki wa msonkho anali munthu wathu yemwe, wa imvi, wosathamanga polankhula. Kalata yanga anaiwerenga kawiri.

"Bambo, pano alemba kuti esiteti inkabwereka njinga, n'kumalipira mamailo. Za malipiro anu palibepo."

"Nanga njingayo imadzipalasa yokha?"

"Zimenezo ine ndikudziwa. Koma ndalama ya mamailo si malipiro, ndi yobwezera matayala ndi mafuta a tcheni. M'buku la mzungu wanu mulibe dzina lanu pa antchito. Ndiye kuti ndi eyiti, bambo."

Ndinachonderera, ndinamuonetsa mabala a m'miyendo. Anangotsitsa mawu n'kunena kuti akadakhala ndi mphamvu akadandithandiza. Ndinamukhulupirira, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa panalibe woti ndimukwiyire koma ine ndemwe. Ndinagwira njakata. Esiteti inkalipira pakutha pa mwezi, pamene Loweruka linali mkuja.

Kumsika wa pafupi ndi Boma kunali Che Amidu, Msilamu wosoka zovala amenenso ankakonza njinga. Anaizungulira yanga, napukusa gudumu, namvetsera kulira kwake.

"Ndikupatsani folo. Njinga itsale chikole. Simuiwombola pa miyezi itatu, ndi yanga."

"Folo basi, njinga yonseyi?"

"Achimwene, ine sindikugula. Mukanati mugulitse bwenzi tikukamba zina, koma ndikuona maso anu sakufuna."

Ankanena zoona. Ndinalandira mashereni anayiwo, ndinabwerera kwa kalaliki uja asanatseke, ndipo anandidindira chiphaso. Ndinagona kwa mbale wanga pafupi ndi Boma, ndipo Lachisanu m'mawa ndinauyamba wapansi. Pamtsinje paja amuna aja anangondiyang'ana, ndipo ndinawoloka ndekha madzi akulekeza m'chiuno.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Esitere anali pakhonde akutongola chimanga. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kenaka m'manja mwanga. Ndinam'patsa chiphasocho, iye anachisomeka kudenga pamwamba pa chitseko, pamene msilikali angachione asanalowe.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kufunsa kuti papepala alemba yani, ndisanafunse kuti ndilandira zingati. Loweruka asilikali anabweradi. Anatenga akazi atatu, kwathu anangodutsa. Lolemba ndinakapempha khasu kwa kapitawo kuti ndipeze zowombolera njinga, ndipo ndinaiwombola patatsala masiku anayi kuti miyezi itatu ija ikwane. Ntchito ya makalata ija anali atapatsa kale munthu wina, pa kobiri lomwelo pa mailo. Ndinapita kukamuchenjeza za msonkho, koma iye anati ndikumuchitira nsanje.