Belu Linalira Akadali Kuthokoza

Phokoso la ku Primrose limene silinandichoke m'makutu ndi la chidindo cha mu laibulale. Chinkalira kawiri, thi pa inki, thi pa buku, kenaka zii mpaka wina adzabwereke. Ndinkalimva masana alionse ndili pa tebulo la pakona, chifukwa kupatula laibulale ija ndinalibe kwina kokhala.

Makolo anga onse atamwalira ku Ntcheu, agogo anga obala mayi ananditengera ku Joni, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu m'dera la Primrose. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri. Adonawo analola kuti ndizigona pamenepo, koma anaika lamulo limodzi: mwana asaoneke pabwalo dzuwa lisanalowe. Ankati ana amasokoneza agalu. Agaluwo anali onenepa ngati ana a ng'ombe, ndipo palibe chimene chinkawasokoneza kupatula kuchedwa kwa chakudya. Choncho ndikaweruka kusukulu ndinkapita ku laibulale yaing'ono ya kuseri kwa masitolo, n'kukhala phee mpaka atseke. Agogo anali atandiuza mosabisa kuti malo amenewo akadzangosowa, ine ndidzabwerera kumudzi kwa amalume, amene anali kale ndi ana ambiri kuposa mphasa.

Panali patapita zaka zochepa chichitikireni chisankho chachikulu chija chothetsa ulamuliro wa tsankho pamene khonsolo inalengeza kuti thumba lauma. Kiliniki izitsegula masiku ochepa, galimoto ya zinyalala izibwera mwa apo ndi apo, ndipo laibulale yathu izitsegula theka la tsiku basi. Theka lake liti, m'mawa kapena masana, anati anthu adzanene okha pa msonkhano ku holo. Nkhalamba zachizungu zinkafuna m'mawa, kuti ziziwerenga nyuzipepala zikuothera dzuwa la pa windo. Masana tinkakhalamo ndife, ana a antchito a m'nyumba ndi a m'dimba, ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia. Mayi wa mu laibulale, wodinda mabuku uja, anaitana agogo pambali n'kuwauza kuti ngati sipapezeka wina wolankhulira masana, masanawo apita.

Lamlungu titatha mapemphero, m'kalasi imene mpingo wathu unkabwereka ku Germiston, agogo anaidzutsa nkhaniyo. Azibambo anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Amayi, ife kuno ndife alendo," anatero wina. "Za khonsolo zimenezo tiwasiyire eni dziko."

"Chabwino," anatero agogo. "Ndiye mdzukulu wangayu muzimutenga inuyo masana? Azikakhala nanu pa geti?"

Apo ndi pamene anaimirira mkulu wa mpingo. Kumudzi anali mphunzitsi, ku Joni kuno anali mlonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Isando, koma ankayendabe ngati kumbuyo kwawo kuli ana a sukulu ali pamzere.

"Amayi, zisiyireni ine. Chizungu ndaphunzitsa zaka zambiri."

"Akawamiza ndi cha pa wailesi chija," anatero wina, anthu n'kuseka momasuka, pokondwa kuti katunduyo wagwera mnzawo.

Agogo sanaseke. "Bambo, mukanene chinthu chimodzi chokha. Masana. Ana alibe kolowera masana."

"Kodi mukundiphunzitsa kulankhula, amayi?"

Msonkhano unachitika Loweruka. Holo inadzaza. Anthu a ku Katlehong anabwera pa mateksi akuimba ndi kuponda pansi mpaka mipando kunjenjemera. Iwo nkhani yawo inali kiliniki ndi zinyalala. Kutsogolo kunali tebulo lalitali ndi makhansala ovala masuti atsopano. Ena mwa iwo anali atangosiya kumene kuguba m'misewu yomweyo, koma tsopano nyimbo zinkawapweteka mutu ndipo ankangoyang'ana mawotchi. Wapampando anali ndi kabelu konga ka kusukulu. Anati gulu lililonse lipereke munthu mmodzi, ndipo belu likalira, wolankhula akhale pansi ngakhale mawu ali pakamwa.

Mayi wina wa ku Katlehong anaimirira. Sanapereke moni kwa aliyense. Anati akatseka kiliniki, odwala azidzawagoneka pakhomo pa wapampandoyo, kenaka anakhala pansi belu lisanaganize n'komwe zolira. Nkhalamba yachizungu inalankhula motsatira. Inati m'mawa, inapereka zifukwa zake, inakhala.

Kenaka inafika nthawi yathu.

Mkulu wa mpingo anamanga batani la jekete. Anagwira dzanja lina ndi linzake, anawerama pang'ono, natsokomola. Anayamba ndi kuthokoza wapampando chifukwa cha mwayi wamtengo wapatali umenewu. Anathokoza wachiwiri kwa wapampando. Anathokoza makhansala mmodzimmodzi, kuyambira kumanja, aliyense ndi ulemu wake. Anathokoza boma latsopano polandira alendo ndi manja awiri. Anathokoza Mulungu potisunga mpaka tsiku limenelo. Ine ndinkayang'ana dzanja la wapampando, limene linali litayamba kale kusisita kabelu.

Sindinganene kuti sindinkadziwa chimene ankachita. Kwathu munthu safikira pa dandaulo. Umayamba wapereka ulemu kwa onse okhala kutsogolo, ndipo ukadumpha mmodzi, nkhani yako yafera pomwepo, iwe n'kutchedwa wamwano. Koma bambo amenewa anali atakhala mu holo yomweyo, anamva lamulo la belu, anaona anthu awiri akulankhula n'kumaliza. Anaona zonsezo n'kuganiza kuti enawo ndi osaleredwa, ndipo kuti holo yonse ikudikira iwo kuti aionetse kalankhulidwe.

Agogo anandifinya ntchafu mpaka kuwawa. "Masana, bambo inu," ankanong'ona. "Masana."

Iwo anali akuthokoza apolisi a pakhomo chifukwa cha chitetezo. Atafika pa amayi amene anakonza mipando, belu linalira.

Anakweza chala, akumwetulira, nanena kuti tsopano afike pa kapempho kawo kakang'ono. Wapampando anawadula. Anati n'zosangalatsa kumva munthu mmodzi woyamikira pa tsiku lodzaza ndi madandaulo, ndipo anapempha anthu kuti awaombere m'manja. Makhansala anaomba ndi mtima wonse. Kumbuyo wina anakuwa m'Chizulu kuti kwerekwere, dzina lonyozera ife obwera, akhale pansi, anthu ali ndi nkhani zenizeni.

Mkulu wa mpingo anabwerera pa mpando akupukuta thukuta ndi kansalu kopindidwa bwino, naweramira kwa agogo.

"Ndalankhula bwanji, amayi?"

"Ngati pa ukwati," anatero agogo.

Iwo anamva ngati chiyamikiro.

Agogo anaimika dzanja. Chizungu chawo chinali cha kukhitchini, koma mawu oti masana ankawadziwa. Wapampando anati gulu lathu lalankhula kale. Pa nkhani ya laibulale, anatero, wamva mbali imodzi ikupempha m'mawa ndipo sanamve wotsutsa. Anadutsa n'kupita pa zinyalala.

Panja azibambo a mpingo anazungulira mkulu wawo.

"Anthu awa mwambo alibe," ankatero iye. "Munthu wamkulu amadulidwa pakati?"

"Koma chizungu chokha mwawasambitsa, bambo. Mzungu uja anachita kutsegula pakamwa."

Palibe amene anayang'ana kumene ndinaima. Anakwera teksi akukambirana mawu aatali amene anatuluka tsiku limenelo, ndi matanthauzo ake.

Mwezi wotsatira chitseko cha laibulale chinayamba kutsekedwa ife tisanaweruke. Agogo anagwada kwa adona, kupempha kuti ndizikhala m'kachipinda kathu chitseko chili chotseka. Adonawo anati nkhaniyo yawakhudza kwambiri, ndipo khonsolo yatsopanoyi ikuononga zonse, koma agalu amanunkhiza. Kwa kanthawi ndinkazungulira pa masitolo, kukhala pa khonde ili mpaka andithamangitse, kusamukira pa lina. Inali nthawi yozizira, mphepo ya kumeneko yolowa mpaka m'mafupa. Tsiku lina apolisi anandiimitsa n'kundifunsa mapepala, ndipo anandisiya chifukwa cha yunifolomu ya sukulu yokha. Nditawauza agogo, anakhala pa bedi. Kenaka anatulutsa chikwama changa pansi pa bedi n'kuyamba kuchipukuta fumbi.

Tsiku la ulendo anandiperekeza ku siteshoni ya mabasi ku Joni. Anandikonzera kolala ya malaya kangapo ngakhale inali bwinobwino. Tili pamzere, ndinaona suti yodziwika ikudutsa pakati pa anthu. Anali mkulu wa mpingo, atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere, chomangidwa ndi chingwe. Mumtima ndinati mwina abwera kudzapepesa, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndiyang'ana kuti akamalankhula.

Anapereka moni kwa agogo mwaulemu wonse, kufunsa za thupi, za ntchito, za adona. Agogo ankayankha ndi mawu amodziamodzi, maso ali pa basi.

"Ndinamva kuti mnyamatayu akupita kumudzi," anatero. "Ndinati Mulungu ndi wabwino, wandipezera munthu. Muli sopo umu, mafuta ophikira ndi kawailesi. Ukafika pa boma ukafunse kwa aphunzitsi, aliyense akakulozera. Ukawapatse amayi akunyumba m'manja, usakatume mwana. Wailesiyo isagundidwe."

Anandikoleka chikwamacho paphewa, chingwe chake n'kundidula khungu. Anayang'ana wotchi, nati ntchito ikuwadikira ku Isando, ndipo anatembenuka n'kulowa m'chigulu cha anthu.